Kutentha kwa Injini ya Thirakitala Yatsopano Potchetcha Udzu

Mwa ntchito zonse zimene thirakitala yaing'ono imagwira, kutchetcha udzu ndi imene imavutitsa kwambiri zipangizo zoziziritsira injini, ngakhale kuti poiona imaoneka yopepuka poyerekeza ndi kugawula. Thirakitala imene ikunenedwa pano ndi ya injini ya dizilo ya mphamvu za akavalo 25 mpaka 50, yomwe imanyamula kumbuyo makina otchetchera otchedwa silasha, ndipo mipeni ya makinawo imatenga mphamvu kuchokera ku chitsulo chotchedwa PTO, chimene chimayenera kuzungulira maulendo 540 pa mineti. M'maboma a Machinga ndi Balaka ntchitoyi imachuluka mvula ikatha, kuyambira Epulo mpaka Julayi, pamene udzu wa m'mbali mwa misewu, m'mabwalo ndi m'minda yogonera wakula ndi kukhwima, komanso pamene pakufunika kulambula njira zotchinga moto wolusa m'nkhalango za mitengo ya tsanya zonga za kumalo osungirako nyama zakutchire a Liwonde, amene anakhazikitsidwa mu 1973.

Injini ya dizilo imasandutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya mafuta kukhala ntchito, gawo lina limatuluka ndi utsi, ndipo lotsalalo limalowa m'madzi amene amazungulira mkati mwa injini. Madziwo amakankhidwa ndi pampu kupita ku rediyeta, chomwe ndi chipangizo cha timapaipi tambiri tolumikizidwa ndi timalata topyapyala, ndipo fani imakoka mpweya pakati pa timalatato kuti uchotse kutenthako. Injini yabwino imagwira ntchito madzi ali pakati pa madigiri 80 ndi 95, ndipo chimene chimachititsa kuti rediyeta iziziritse ndi kusiyana kwa kutentha kwa madziwo ndi kwa mpweya wakunja. Apa ndi pamene nyengo ya deralo imaonekera: madzi a madigiri 90 amasiyana ndi mpweya wa m'mawa wa mu Juni ndi madigiri pafupifupi 70, pamene masana a mu Okutobala ndi Novembala m'chigwa cha mtsinje wa Shire, kumadera a Liwonde, Ulongwe ndi Utale, mpweya umapitirira madigiri 35, kotero kuti rediyeta yomweyo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu yake popanda chilichonse chowonongeka.

Komabe dzuwa lokha silikwanira kuwiritsa injini yatsopano, ndipo chifukwa chimene chimapezeka kawirikawiri ndi kutsekeka kwa njira ya mpweya. Thirakitala ikamadutsa m'tsekera kapena m'nsenjere zouma, mutu wake umagwetsa njere, mungu ndi tizinyalala tambiri, ndipo fani imazikokera zonsezo pa rediyeta, pomwe zimaphathana ndi fumbi mpaka kukhala ngati sefa yomatidwa ndi ufa wonyowa. Mathirakitala ambiri ali ndi sefa yawaya patsogolo pa rediyeta imene imasololedwa ndi dzanja, ndipo m'udzu wouma sefa imeneyi imatha kudzaza ola limodzi lisanathe. Cholakwa cha madalaivala ambiri ndi chakuti amakuntha sefayo n'kuganiza kuti ntchito yatha, pamene zinyalala zing'onozing'ono zalowa kale pakati pa timalata. Vutoli limakula pa mathirakitala amene amayenda ndi mphamvu ya oyilo m'malo mwa magiya wamba, chifukwa ali ndi karediyeta kena koziziritsa oyilo patsogolo pa rediyeta yeniyeni, ndipo mpata wa pakati pa ziwirizo ndi umene umasunga zinyalala zosaoneka ndi maso. Njira yabwino yodziwira ndi kuunika ndi tochi kuchokera kumbali ya injini, injiniyo itazimitsidwa, ndi kuona ngati kuwala kukutulukira kutsogolo paliponse, makamaka m'makona ndi kumunsi. Poyeretsa, mpweya wa kompuresa kapena madzi opanda mphamvu yambiri ayenera kuchokera kumbali ya injini kupita kutsogolo, kuti zinyalala zibwerere kumene zinalowera, popeza madzi amphamvu kapena waya wotokosera zimapinda timalata ndi kutseka njira mpaka kalekale. Madzi akagwiritsidwa ntchito, rediyeta iyenera kuuma kaye, apo ayi fumbi latsopano limasanduka matope.

Chifukwa chachiwiri ndi katundu woposa mphamvu ya injini. Amisiri amawerengera kuti masentimita 30 aliwonse a m'lifupi mwa silasha amafuna mphamvu za akavalo pafupifupi 5 pa PTO, kotero kuti thirakitala ya akavalo 25 yokoka silasha ya mamita 1.5 m'udzu wofika m'chiuno ili kale pamalire. Madalaivala ena amatsitsa liwiro la injini pofuna kupulumutsa dizilo, amene ndi wokwera mtengo ndipo nthawi zina amasowa, koma kutero kumachedwetsanso fani ndi pampu ya madzi pa nthawi imene injini ikulemedwa kwambiri. Choyenera ndi kusunga injini pa liwiro limene limapereka maulendo 540 pa PTO, kusankha giya yotsika, kukweza silasha pang'ono, ndi kudula theka la m'lifupi mwake pamene udzu wathithikana. Mipeni yobuntha chifukwa chomenya zitsa, miyala ndi zulu imaphwanya udzu m'malo modula, ndipo imadya mphamvu yochuluka mofanana ndi udzu umene wadzikulunga pansi pa makinawo.

Zimenezi zikaonedwa ndipo muvi wa geji yoonetsa kutentha kwa injini ukupitirirabe kukwera, m'pamene maso ayenera kupita ku zipangizo zenizeni. Lamba wa fani watsopano amatamuka m'maola oyambirira, n'chifukwa chake sevisi yoyamba, imene makampani ambiri amaiika pa maola 50, imaphatikizapo kumukunga kuti pomudina ndi chala pakati azilowa pafupifupi sentimita imodzi yokha. Sefa ya mpweya wolowa mu injini ikadzaza fumbi, dizilo sapsa bwino ndipo utsi umada. Madzi amathanso kuchepa chifukwa cha mpweya umene unatsekeredwa mkati powathira koyamba kapena chifukwa cha chomangira paipi chosalimba, ndipo chivindikiro cha rediyeta, chimene chimasunga mphamvu ya mpweya kuti madzi asawire asanafike madigiri pafupifupi 120, chikhoza kukhala chosatseka bwino.

Pali zizolowezi ziwiri za m'magalaja zimene zimawononga koposa mmene zimathandizira. Choyamba ndi kuchotsa themositati, kachipangizo kamene kamatsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikafunda, poganiza kuti kanapangidwira maiko ozizira. Injini yopanda themositati imachedwa kufunda, imaperepeseka msanga, ndipo pa injini zina madzi ambiri amangozungulira mkati osafika ku rediyeta. Chachiwiri ndi kuthira madzi a pamjigo, amene m'madera ambiri a m'chigwa cha Shire ali ndi mchere wosungunuka, ndipo mcherewo umakhuthala mkati mwa timapaipi. Madzi otchezedwa onga amene amathiridwa m'batire, osakaniza theka ndi theka ndi mankhwala oziziritsira otchedwa kulanti, amateteza ku dzimbiri ndipo amachedwanso kuwira.

Muvi ukafika pofiira ntchito ili mkati, dalaivala ayenera kuchotsa PTO, kutulutsa thirakitala m'udzu wouma poopa moto, ndi kuisiya injini ikulira pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo kuti madzi apitirize kuzungulira, kupatula ngati lamba waduka kapena madzi akutayika, pamene iyenera kuzimitsidwa nthawi yomweyo. Chivindikiro sichitsegulidwa injini ili yotentha, chifukwa nthunzi imawaula nkhope ndi manja, ndipo madzi ozizira othiridwa pa injini yowira amatha kung'alula mutu wake. Thovu losatha m'rediyeta, utsi woyera wosalekeza, kapena oyilo wooneka ngati mkaka ndi zizindikiro zakuti gasiketi ya mutu wa injini yapsa, ndipo pa thirakitala imene ikadali pa chitsimikizo cha wogulitsa, mwini wake sayenera kulola makaniko wina kuimasula, koma alembe maola a pa mita, ajambule geji ndi rediyeta yoyeretsedwa, ndi kuitana kampani imene inamugulitsa, popeza injini yotsegulidwa ndi munthu wosavomerezeka kawirikawiri imataya ufulu wokonzedwa mwaulere.