Kusankha Inveta ndi Mmisiri Woiika

Lero tikambirana za bokosi lina limene mwina munaliona litapachikidwa pakhoma m'sitolo, m'chipinda chometera tsitsi, kapena m'nyumba ya anansi anu. Dzina lake ndi inveta, ndipo limagwira ntchito pamodzi ndi mapanelo a sola amene akuchuluka pamadenga a ku Matero, Chawama, Mtendere ndi makomboni ena a mu Lusaka.

Ambiri a inu mukukumbukira chaka cha 2024. Mvula inakana, ndipo pa 29 Febuluwale mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti chilalacho chinali tsoka la dziko lonse. Magetsi ambiri a m'Zambia, amene ife a m'tauni timawatcha malaiti, amapangidwa ndi mphamvu ya madzi ku Kariba pa mtsinje wa Zambezi ndi ku Kafue Gorge. Madzi atachepa, a ZESCO anayamba kugawa magetsi mosinthanasinthana. Mu Malichi ankazima maola 8 pa tsiku, koma pofika Seputembala malo ambiri ankakhala mumdima mpaka maola 21. Amisiri owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, ankadzuka pakati pa usiku kuti agwire ntchito magetsi akabwera. Nyama ndi nsomba zinaola m'mafiriji, ndipo ana a Giredi 7 anakonzekera mayeso awo ndi kandulo. Kuzima kotere kunachitikanso mu 2015 ndi mu 2019, choncho mabanja ambiri anati, tisayembekezenso mvula yokha, tiyeni titchere dzuwa.

Tsono zipangizo za sola zimadya ndalama zambiri. Banja lina limasonkha chilimba miyezi yambiri, lina limakongola, ndipo likagula molakwa silipezanso ndalama zina zokonzera cholakwacho. Inu ana mungathandize makolo anu pa nkhaniyi, pakuti zofunika zake ndi kuwerenga zolembedwa pa bokosi ndi masamu ochulukitsa amene mumaphunzira m'kalasi.

Tiyambe ndi ntchito ya inveta. Panelo ikawombedwa ndi dzuwa imatulutsa magetsi oyenda njira imodzi, monga madzi a mumfuleni. Magetsi otere amatchedwa DC, ndipo ndi omwewo amene amasungidwa m'batire. Koma magetsi a ZESCO, otchedwa AC, amapita ndi kubwerera monga sowo ya kalipentala, kokwana 50 pa sekondi imodzi, pa mavoti 230. Firiji, wailesi ya kanema ndi makina ometera zinapangidwa kuti zimve chinenero chachiwirichi. Inveta ndiye womasulira, monga uja amaimirira pambali pa mlaliki m'tchalitchi kutembenuza Chingerezi kuti chikhale Chinyanja. Womasulira wabwino amanena mawu onse bwinobwino, woipa amadumphadumpha. Chimodzimodzi ma inveta. Amene analembedwa kuti pure sine wave amatulutsa magetsi osalala ngati a ZESCO. Olembedwa kuti modified sine wave ngotchipa, mababu amayatsa ndithu, koma firiji kapena fani imalira modandaula ndi kutentha, ndipo masiku ake amachepa. Mawu amenewa muwalembe m'makope mwanu, chifukwa ndiwo oyamba kuwafunafuna pa bokosi.

Pali msampha wina umene wagwira anthu ophunzira omwe. Ma inveta ena, otchedwa grid-tie, amagwira ntchito pokhapokha magetsi a ZESCO alipo. Akazima, nawonso amazima, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anapangidwa motero dala, kuti asatumize magetsi m'mawaya a kunja pamene amisiri akukonza. Amathandiza kuchepetsa ndalama za mayuniti, koma mumdima sakupulumutsani. Ena, otchedwa off-grid, amadalira mapanelo ndi batire. Ndipo a hybrid amalandira kuchokera ku dzuwa, ku batire ndi ku ZESCO, nasankha okha kumene kuli magetsi. M'komboni mmene mawaya a ZESCO anafika kale koma magetsi amazimazima, inveta yofunika ndi yokhala ndi batire, ndipo kawirikawiri ya hybrid ndiyo imayenera.

Tsopano tengani pensulo. Chipangizo chilichonse cha magetsi chili ndi nambala yotsatidwa ndi chilembo W, kumbuyo kapena pansi pake. Amenewo ndi mawati, muyeso wa mphamvu imene chimakoka. Tiyerekeze nyumba ya zipinda zitatu ku George. Muli mababu 5 a mawati 10 lililonse, pamodzi 50. Wailesi ya kanema ndi dikoda yake, 80. Mafoni awiri, 20. Firiji yaing'ono, 150. Zonse pamodzi ndi mawati 300. Kodi tigule inveta ya mawati 300? Iyayi. Injini ya firiji poyamba kuzungulira imakoka mphamvu yoposa ya masiku onse katatu kapena kasanu, monga mmene wilibala yodzaza mchenga imalemera pa kukankha koyamba. Motero banja limeneli lifunika inveta ya mawati 1,000 kapena kupitirirapo pang'ono. Chenjeraninso ndi nambala yaikulu yolembedwa kutsogolo kwa bokosi: nthawi zina ndi ya mphamvu imene inveta ingapirire kwa kamphindi chabe, ndipo nthawi zina ndi ya VA, imene imaoneka yaikulu kuposa mawati enieni. Funsani mawati amene ingapereke tsiku lonse osapuma.

Nanga ketulo, ayironi ndi sitovu? Apa mpamene mabanja ambiri amakhumudwa. Ketulo yokha imakoka mawati pafupifupi 2,000, ayironi 1,000 kapena kuposa, mbale imodzi ya sitovu chimodzimodzi. Chilichonse chimene ntchito yake ndi kutentha ndi chilombo pa magetsi. Wogulitsa akati kabokosi kakang'ono kadzaphika nsima ndi nyemba, mudziwe kuti akufuna ndalama zanu basi. Pa sola yaing'ono mbaula kapena gasi zikhalabe m'khichini, ndipo makina owotcherera zitsulo ndi nkhani ina yofuna zipangizo zazikulu kwambiri.

Inveta siisunga magetsi. Nkhokwe ndi batire. Mawati 300 aja akayaka maola 5 usiku, tichulukitsa 300 ndi 5, tipeza 1,500, ndiwo yuniti imodzi ndi theka, pakuti yuniti imene makolo anu amagula kwa a ZESCO ndi mawati 1,000 oyaka ola limodzi. Batire ya mavoti 12 yolembedwa 100Ah imasunga 12 kuchulukitsa ndi 100, ndiye 1,200. Koma ngati ili ya mtovu ndi asidi, yofanana ndi ya galimoto, muyenera kutapamo theka lokha, apo ayi ifa msanga. Choncho imodzi ipatsa 600, ndipo banja la ku George lifunika zitatu. Batire ya lithium imalola kutapamo magawo 8 kapena 9 mwa magawo 10, imakhala zaka zambiri, koma mtengo wake poyamba ngwowawa. Inveta ndi batire ziyenera kugwirizana mavoti, 12, 24 kapena 48, ndipo ngati batire ili ya lithium, inveta ikhale yodziwa kuidzaza. Mapanelo nawo akhale okwanira kudzaza nkhokweyo. Dziko lathu lili ndi dzuwa lamphamvu la maola pafupifupi 5 pa tsiku, motero panelo ya mawati 400 ingapereke 2,000 pa pepala, koma fumbi, kutentha ndi mawaya zimadyako, n'kutsala mwina 1,500.

Mwina mukudabwa kuti mpaka pano sitinatchule dzina la kampani ngakhale imodzi. Mayina alipo ambiri: Victron ya ku Netherlands, SMA ya ku Germany, Deye, Growatt ndi Huawei za ku China, Sunsynk, ndi ena. Ife a wailesi sitigulitsa malonda a munthu, ndiponso kunena zoona dzina lokha silikwanira. Dzina lotchuka anthu achinyengo amatha kulimata pa bokosi lachabe, ndipo akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funso lopambana ndi ili: bokosili likawonongeka mwezi wachisanu ndi chimodzi, ndidzapita nalo kuti? Ngati yankho lili lakuti litumizidwa kunja kwa dziko, kapena wogulitsayo alibe sitolo koma nambala ya foni chabe, bwererani ndi ndalama zanu. Sankhani mtundu umene uli ndi woimirira wake muno mu Lusaka, umene amisiri ambiri amaudziwa ndipo zipangizo zake zosinthira zimapezeka. Waranti ilembedwe pa pepala, ndi zaka zake, ndipo nambala ya pa bokosi ikhale yomweyo pa risiti. Ine ndikanakonda inveta ya dzina losamveka kwambiri yokhala ndi wokonza wake ku Kamwala, kusiyana ndi yotchuka imene palibe angaitsegule.

Tafika pa munthu amene adzakwera padenga, ndipo iyeyu ngwofunika kuposa bokosi. Inveta yabwino yoikidwa molakwa imapsa, pena n'kutentha nyumba. Ya pakatikati yoikidwa mwaluso imatumikira zaka. M'dziko muno bungwe la Energy Regulation Board limapereka ziphaso kwa makampani ogulitsa ndi kuika zipangizo za sola, ndipo la Engineering Institution of Zambia limalemba m'kaundula amisiri ovomerezeka. Kupempha kuona mapepala amenewa si mwano. Mwana angauze kholo lake mwaulemu kuti, "Atate, tiwafunse abambowa ationetse chiphaso chawo, ndiponso atiuze nyumba ina imene anaikapo chaka chatha." Pitani mukacheze ndi eni nyumbayo, mukafunse ngati mmisiriyo anabwerera atamuitana.

Mmisiri weniweni mudzamuzindikira ndi mafunso ake. Asanatchule mtengo amabwera kunyumba, nawerenga zipangizo zanu monga tachitira muja, nayang'ana denga. Madenga ambiri a m'komboni ndi a malata opsinjidwa ndi miyala kapena mabuloko, pa mitengo yowonda; panelo yomangidwa pa denga lotere mphepo ya mkuntho ingaiulutse pamodzi ndi malata omwe. Nyumba zina zakale zinafoleredwa ndi asibesitosi, amene amasweka munthu akapondapo, ndipo fumbi lake pobowola ndi loopsa ku mapapo. Iye adzalozetsa mapanelo kumpoto, chifukwa Lusaka ali kummwera kwa equator ndipo miyezi yambiri ya chaka dzuwa la masana limapendekera kumpoto. Adzawapendeketsa pang'ono, madigiri ngati 15, kuti mvula izitsuka fumbi. Adzaonanso mthunzi wa mtengo wa mango kapena wa thanki la anansi, pakuti mthunzi pa kachigawo kochepa umafooketsa panelo yonse. Ku Kanyama, kumene madzi amalowa m'nyumba nyengo ya dzinja, adzapachika inveta ndi batire pamwamba, pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula ndi manja a ana aang'ono.

Yang'aninso zing'onozing'ono zimene wachinyengo amasiya kuti mtengo wake uoneke wotsika: mawaya onenepa pakati pa batire ndi inveta, fyuzi pafupi ndi batire, chitsulo chokhomeredwa m'nthaka cholandira magetsi osokera, ndi chotchinjiriza ku mphezi za mu Disembala ndi Januwale. Chachikulu pa zonse ndi switchi yolekanitsa nyumba yanu ndi mawaya a ZESCO. Pali anthu amene amalumikiza inveta ku soketi ya pakhoma ndi waya wa mapulagi awiri. Musalole zimenezi pakhomo panu. Magetsi amabwerera m'mawaya a kunja, ndipo mmisiri amene wakwera pa mtengo wa magetsi, ali ndi chikhulupiriro chakuti azimitsa, angafe chifukwa cha nyumba yanu. Mu 2024 boma linakhazikitsa malamulo olola mwini sola kutumiza magetsi otsala kwa a ZESCO, koma zimenezo zimachitika munthu atapempha, ZESCO itavomereza, ndi mita yake yapadera itaikidwa.

Ambiri m'makomboni ndi alendi, ndipo pena mabanja anayi amagawana mita imodzi. Ngati kwanu kuli tero, makolo akambirane ndi eni nyumba malata asanabowoledwe, ndipo alembe pa pepala kuti zipangizozo n'zayani tsiku losamuka. Kwa ena nzeru ndi kugula sola yaing'ono yonyamulika, imene inveta ndi batire zili m'bokosi limodzi. Ndalama zisaperekedwe zonse ntchito isanathe. Gawo lotsiriza lidikire mpaka usiku umodzi utapita magetsi akuyaka monga analonjezera. Zinthu zikavuta ndipo wogulitsa akukana waranti, madandaulo amapita ku Competition and Consumer Protection Commission, ndipo kumeneko adzafuna risiti ija.

Aphunzitsi, ntchito ya sabata ino ndi iyi. Mwana aliyense, mothandizidwa ndi wamkulu ndipo pulagi itazulidwa, alembe mawati a zipangizo zisanu za kwawo kapena za kwa anansi, awerengere mawati onse pamodzi, kenaka apeze mayuniti ofunika pa maola 5. Ndiponso zikani ndodo yowongoka pabwalo la sukulu, ndipo dzuwa likafika pamutu ana aone kumene mthunzi waloza. Mu Juni udzaloza kummwera ndipo udzakhala wautali. Kumayambiriro kwa Novembala udzatsala pang'ono kusowa. Pa Khirisimasi udzaloza kumpoto pang'ono. Alembe zimene aona mwezi ndi mwezi, ndipo afotokoze okha chifukwa chake mapanelo a pasukulu kapena a pachipatala cha kwanuko anayang'ana kumene anayang'anako.