Zambezi pa Mpadue: njira yakale imene lero imamvera damu la ku Songo

TETE – Malole ochokera ku Zóbuè, Calómuè ndi Cassacatiza amawoloka Zambezi m'mphindi zochepa pa mlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014 pakati pa Benga ndi Mpadue. Pansi pa mlathowo pamadutsabe mabwato osema a alimi ndi asodzi. Mabwato amenewa ndiwo otsala pa njira imene kwa zaka mazana inali msewu waukulu wa chigawo chino.

Mzinda wa Tete unakula chifukwa cha mtsinjewu. Apwitikizi atakhazikika pano cha m'ma 1530, anapeza amalonda Achiswahili akugula kale golide ndi minyanga ya njovu. Katundu ankakwera kuchokera kunyanja ya mchere, n'kuima pa doko la Sena, kupyola pa mpata wa mapiri a Lupata, mpaka kufika ku Tete. Mphepo ikakhala yabwino amalinyero ankakweza thanga, ikaleka ankapalasa ndi nkhafi kapena kukankha ndi mitengo yaitali. Ulendo wokwera unkatha milungu.

Kumtunda kwa Tete njirayo inkaduka pa mathithi a Cahora Bassa. Mu 1858 David Livingstone anafika ndi sitima yake ya nthunzi, Ma Robert, akuganiza kuti Zambezi am'fikitsa pakati pa Africa. Mathithiwo anam'bweza. M'chaka chotsatira analowera mu Shire, ndipo anakafika pa nyanja ya Malawi. Kuyambira cha m'ma 1890 sitima zochokera pa doko la Chinde zinkanyamula anthu ndi katundu wopita ku Nyasaland kudzera mu Shire yemweyo.

Chimene chinapha malonda a pamadzi ndi njanji ndi misewu. Mlatho wa Dona Ana, pakati pa Sena ndi Mutarara, unatsegulidwa mu 1935. Wa Samora Machel mu mzinda wa Tete unatha mu 1973. Katundu anasamukira pamtunda, madoko n'kuzilala.

Maganizo obwezeretsa sitima sanathe. Mu 2010 boma la Malawi linatsegula doko ku Nsanje kuti katundu azidzera mu Shire ndi Zambezi, koma Mozambique inati payambe pachitika kafukufuku wa zachilengedwe. Mu 2012 boma linakananso pempho lotsitsa malasha a ku Benga pa mtsinje. Vuto ndi limodzi: kumunsi kwa Tete mtsinje ndi wotambalala koma wosaya, ndipo mchenga umasuntha chaka ndi chaka. Kuti chombo cholemera chidutse pamafunika kukumba pansi pa mtsinje mosalekeza, zimene zingasokoneze nsomba ndi madimba a m'mbali.

Choncho mwini Zambezi lero ndi mlimi wa bwato, amene amapita ku chilumba kukalima chimanga, mbatata, nyemba ndi ndiwo zamasamba pa dothi lachinyontho. M'dera lotentha ndi la mvula yochepa ngati Tete, dimba la pachilumba ndilo limadyetsa banja chimanga cha kumunda chikapserera.

Koma mtsinje umene mlimiyu amawoloka si uja ankaudziwa agogo ake. Kale madzi ankadzaza m'dzinja ndi kuphwa m'chilimwe, ndipo aliyense ankadziwa nthawi yake. Damu la Kariba litatha mu 1959, ndi la Cahora Bassa litatsekedwa mu 1974, kuchuluka kwa madzi pa Mpadue kunayamba kudalira zimene zikuchitika ku Songo, mtunda wopitirira makilomita 100 kumtunda. Kampani ya HCB imatulutsa madzi molingana ndi magetsi amene ikupanga, ndipo nyanja ikadzaza imatsegula zipata kuti iteteze khoma la damu. Madziwo amafika ku Tete ngakhale kumwamba kulibe mtambo. Mvula imene yawadzazitsa ikhoza kukhala kuti inagwa ku Zambia, n'kutsika ndi Luangwa kapena Kafue.

Palinso madzi amene damu silingawagwire. Mtsinje wa Revúbuè umachokera ku mapiri a Angónia ndipo umathira mu Zambezi kufupi ndi Benga, kumunsi kwa damu. Mvula yamphamvu ikagwa ku Ulónguè ndi Tsangano, madzi ake amatsika ndi liwiro. Mu Januwale 2022, pa namondwe Ana, Revúbuè anagumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Mvula imene mlimi wa kumapiri amaikondwerera ndiyo imamiza chilumba cha mnzake wa ku Mpadue. Paja akuluakulu anati madzi saiwala khwawa.

N'chifukwa chake machenjezo a HCB ndi a bungwe loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi la INGD amaulutsidwa pa wailesi. Akalengeza kuti zipata zitsegulidwa, nthawi yochotsa ana, ziweto, makasu ndi mapampu pachilumba ndi yomweyo, osadikira kuona madzi ndi maso.

Odziwa mtsinje amasunganso malamulo awo. Amawoloka m'mamawa mphepo isanadzutse mafunde, ndipo sawoloka kukada. Sadzaza bwato mpaka m'milomo, chifukwa thumba limodzi loonjezera ndilo limalowetsa madzi. Aliyense amakhala pansi, ndipo chokapira madzi sichisowa m'bwato. Akaona mvuu, makamaka ya mwana, amailambalala patali. Sapisa dzanja kapena mwendo m'madzi, ndipo satunga kapena kuchapa pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, pakuti ng'ona imaphunzira chizolowezi cha munthu. Madzi akasanduka ofiira n'kuyamba kubwera ndi zinyalala ndi mitengo, amadziwa kuti kumtunda kwadzaza, ndipo bwato amalikokera pamtunda.

Kwa alimi a m'malire amene amabwera ndi mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato ku misika ya Tete, kapena kudzachezera abale a m'mbali mwa mtsinje, langizo ndi lakuti pamene pali mlatho adzere pa mlatho. Kumene kulibe, afunse mwini bwato za madzi a tsikulo, ndipo akanena kuti lero sikuwolokeka, amumvere. Mbewu ya pachilumba ikapita ndi madzi, ina imabzalidwa madziwo akaphwa.