KODI NDEGE AMAILUMIKIZA BWANJI OSAPHONYETSA?

Pa tchuthi chapitachi ndinkathandiza amalume anga, amene ndi kalipentala, kuika chitseko pa nyumba ina yatsopano kumudzi kwathu. Felemu anapanga ndi mmisiri wina, chitseko anapanga ndi amalumewo. Onse awiri anayeza ndi tepi, koma titafika nacho chitseko chija chinakana kulowa. Amalume sanadandaule. Anachigoneka pansi n'kuchipala pang'ono m'mbali, ndipo posakhalitsa chinayamba kutsekeka bwinobwino.

Titatsegulira sukulu ndinawerenga kuti ndege ya mtundu wa Boeing 787 mapiko ake amapangidwa ku Japan, mbali ina ya thupi lake ku Italy, ndipo zonsezi amakazilumikiza ku America. Pomwepo ndinakumbukira chitseko chija. Ngati amisiri awiri a mudzi umodzi anasemphana pa miyeso, nanga anthu olekanitsidwa ndi nyanja zamchere amatani? Phiko la ndege sungalipale ngati thabwa. Paja akulu anati safunsa anadya phula, choncho ndinafunsa aphunzitsi athu a sayansi ndi kuwerenganso zina. Zimene ndinapezazo ndi zimene ndifuna kugawana nanu, anzanga, abambo ansembe ndi inu makolo athu.

Ndege imodzi, maiko ambiri

Boeing 787 inauluka koyamba mu December 2009 ndipo inayamba kunyamula anthu m'chaka cha 2011. Muno mu Africa, kampani yoyamba kukhala nayo inali Ethiopian Airlines, m'chaka cha 2012, kotero kuti ena mwa abale athu opita ku Ulaya kudzera ku Addis Ababa amakwera ndege yomweyi. Kuchokera kunsonga ya phiko lina kufika kunsonga ya linzake pali mamita 60. Pafupifupi theka la kulemera kwake ndi ulusi wa kaboni woumitsidwa m'pulasitiki, umene uli wolimba koma wopepuka.

Mapiko ake amawapanga ndi a Mitsubishi ku Nagoya m'dziko la Japan. Zigawo zina za pakati pa thupi zimachokera ku Grottaglie ku Italy, pamene mutu, momwe mumakhala oyendetsa, umachokera ku Wichita ku America. Zigawozi amazinyamula pa ndege zinayi zamimba zikuluzikulu zotchedwa Dreamlifter. Kuyambira m'chaka cha 2021, ntchito yolumikiza ndege yonse imachitikira ku North Charleston kokha, m'chigawo cha South Carolina.

Mafakitale onsewa amatsata chithunzi chimodzi cha ndegeyo chimene chili m'kompyuta. Chithunzicho chimanena malo enieni a bowo lililonse ndi m'mphepete muliponse. Komabe palibe chinthu chopangidwa ndi anthu chimene chimafanana ndendende ndi chithunzi chake. Nchifukwa chake polumikiza amayezanso zonse.

Kaphonyedwe kakang'ono nkoopsa bwanji?

Ife a Folomu 3 tingathe kuwerengera tokha. Nsonga ya phiko ili pa mtunda wa mamita 30 kuchokera pakati pa ndege. Phikolo likapendekeka patsinde ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 10 a digiri, kunsonga limakhala litaphonya ndi masentimita 5. Ndege yotere imakokera mbali imodzi ndipo imamwa mafuta ambiri.

Koma choopsa chenicheni chili pa thupi. Ndegezi zimauluka pa mtunda wa mamita ngati 12,000 m'mwamba, kumene mpweya ndi wochepa zedi moti munthu angakomoke. Choncho amapopera mpweya m'katimo kuti ufanane ndi wa pa malo okwera mamita 1,800, ngati pamwamba pa phiri la Zomba. Ndiye kuti ndege ikakwera thupi lake limafufuma pang'ono, ikatera limaphwa. Zimenezi zimachitika ulendo uliwonse kwa zaka zambirimbiri.

Tonse amene tinapangako galimoto zamawaya tidziwa kuti waya ukaupinda ndi kuuwongola kambirimbiri pa malo amodzi umaduka wokha. Akatswiri amati kumeneko nkutopa kwa chitsulo. M'chaka cha 1954 ndege ziwiri za mtundu wa Comet zinaphwasuka m'mlengalenga zitangonyamuka ku Rome. Ofufuza a ku Farnborough ku England anamiza thupi la Comet ina m'thanki ya madzi, namalifufumitsa ndi kuliphwetsa mpaka linang'aluka. Anapeza kuti mng'alu umayambira pamene mphamvu yaunjikana pa malo amodzi. Tsono zigawo ziwiri za ndege zikasiya kampata pokumana, kapena akazikakamiza ndi mabawuti kuti zigwirane, mphamvu imaunjikana pa mabawutiwo m'malo mogawikana pozungulira ponse.

Kale ankayeza bwanji?

Kale amisiri a ndege ankadalira zipangizo zosasiyana kwenikweni ndi za omanga nyumba: levulo, chingwe chomangirira kachitsulo kolemera, ndi makina oyang'anira patali onga a anthu oyeza misewu. Ankamanganso mafelemu akuluakulu achitsulo ogwira chigawo chilichonse pa malo ake. Felemu yotere inali yokwera mtengo, inkagwira ntchito pa mtundu umodzi wokha wa ndege, ndipo ikapindika pang'ono, ndege zonse zopangidwirapo zinkatengera kupindikako. Kulumikiza phiko kunkafuna amisiri ambiri, wina kuyang'ana, wina kukweza jeke, wina kufuula kuti basi pomwepo.

Diso la laser

Masiku ano ntchito yaikulu yoyeza imagwiridwa ndi makina otchedwa laser tracker. Anawatulukira ndi Kam Lau m'zaka za m'ma 1980, akugwira ntchito ku bungwe la boma la America loona za miyeso. Makinawa amaima pa miyendo ngati kamera, ndipo mutu wake umatembenuka mbali zonse. Amatulutsa kuwala kowonda ngati ulusi, kosamwazika ngati kwa tochi.

Kuwalako amakulunjika pa kampira kachitsulo kamene mmisiri waika pa malo ofuna kuyezedwa. M'kati mwa kampirako muli timagalasi titatu tokumana monga zimakumanira zipupa ziwiri ndi pansi pa ngodya ya chipinda. Kuwala kukalowa pa ngodya yotere, kumabwerera komwe kwachokera, ngakhale kampirako katapendekeka. Kagalasi kofiira ka kumbuyo kwa njinga kamagwira ntchito chimodzimodzi, nchifukwa chake kamawala kwa dalaivala amene wakaunika. Amene anapita ku mwezi m'chaka cha 1969 anasiyanso kumeneko magalasi a mtundu womwewu, amene akatswiri amayezera mtunda wa pakati pa dziko ndi mwezi.

Kuwala kuja kukabwerera, makina amadziwa zinthu zitatu: kutalika kwa mtunda wofika pa kampirako, kuchuluka kwa madigiri amene mutu watembenukira kumanja kapena kumanzere, ndi madigiri amene wawerama kapena kudzuka. Ndi manambala atatuwa kompyuta imapeza malo enieni a kampirako, pogwiritsa ntchito masamu a makona atatu omwe timalimbana nawo m'kalasi aja. Kampirako kakasuntha, mutu wa makina umakatsata wokha. Pa mtunda wa mamita angapo, makinawa saphonya ndi muyeso woposa kunenepa kwa tsitsi limodzi.

Majeke omvera kompyuta

Kuyeza kokha sikulumikiza ndege. Chigawo chilichonse amachikhazika pa majeke amagetsi amene amalamulidwa ndi kompyuta. Chinthu cholimba chingasunthe m'njira zisanu ndi imodzi: kutsogolo ndi kumbuyo, kumanja ndi kumanzere, m'mwamba ndi pansi, ndiponso kutembenuka m'njira zitatu, monga mutu wa munthu povomera, pokana ndi poupendeketsera paphewa. Ukadziwa malo a mfundo zitatu za chinthucho zosakhala pa mzere umodzi, wadziwa kakhalidwe kake konse. Amisiri amaika timipira toposa titatu kuti miyeso izitsimikizana.

Kompyuta imafananiza pamene chigawocho chili ndi pamene chithunzi chikuti chikhale, n'kuuza jeke iliyonse muyeso woti isunthe. Majeke onse amayenda pamodzi, mwapang'onopang'ono, kuti chigawo cholemera matani ambiri chisapotoke. Zikatero laser imayezanso, majeke n'kukonzanso, mpaka kusiyana kutsike kufika pa muyeso wololedwa. Apa mpamene amayamba kuboola ndi kumanga mabawuti. Njira yotereyi amaigwiritsanso ntchito a Airbus ku Toulouse m'dziko la France.

Mdani wina pa ntchitoyi ndi kutentha. Tonse timamva malata a padenga akulira masana dzuwa likakula, chifukwa chitsulo chikatentha chimatalika. Aluminiyamu, amene ndege zambiri zimapangidwa naye, amatalika ndi mamilimita 0.023 pa mita iliyonse kutentha kukakwera ndi digiri imodzi. Chigawo cha mamita 30 chikatentha ndi madigiri 10 chimatalika ndi mamilimita pafupifupi 7. Nchifukwa chake maiko anagwirizana kuti miyeso ya zitsulo izitchulidwa monga ilili pa madigiri 20, ndipo makina a laser amayezanso kutentha kwa mpweya kuti akonze manambala ake.

Kampata kofanana ndi tsitsi

Ngakhale zigawo zikhale pa malo ake enieni, pokumana pake pamatsalabe timipata. Desiki ikamagwedera timapinda pepala n'kuika pansi pa mwendo. A ndege nawonso amatseka mipatayo ndi tizidutswa topyapyala totchedwa shim. Kale mmisiri ankayeza mpata uliwonse ndi manja n'kusema kachidutswa kake. Pa 787 makina amayeza nkhope ziwiri zodzakumanazo, kompyuta n'kuwerengeratu kukula kwa kachidutswa kalikonse zigawozo zisanakumane.

Apa mpamene ndinapeza nkhani imene inandiphunzitsa kwambiri. Mu August 2020 a Boeing anaimitsa ndege zisanu ndi zitatu za 787 zimene zinali kale pa ntchito. Anapeza kuti kumbuyo kwa thupi, pa malo ena olumikizira, tizidutswa tina sitinali ta muyeso woyenera, ndiponso khungu la m'kati silinali losalala mokwanira. Muyeso wololedwa pa kusalalako unali mamilimita 0.13 okha, osasiyana kwenikweni ndi kunenepa kwa tsitsi la munthu. Vutoli linapezeka lisanachititse ngozi, koma atafufuza anapezanso timipata totere pa malo ena. Kupereka ndege zatsopano kwa ogula kunaima kwa nthawi yaitali, ndipo ndege zoposa 100 zinangokhala pansi kudikira kuyezedwanso ndi kukonzedwa. Bungwe la boma loona za maulendo a pandege, la FAA, linalola kuti ayambirenso kuzipereka mu August 2022.

Taonani, makina oyezera analipo, ndipo anali apamwamba. Koma makina amayeza pokhapo pamene munthu wawalozera, ndipo amayankha funso lokhalo limene afunsidwa. Ngati palibe woonetsetsa kuti kachidutswa kowerengeredwa ndi kompyuta katsekadi mpata wonse, cholakwacho chimalowa mu ndege yoyamba, yachiwiri, mpaka zambirimbiri, popeza makina amabwereza chinthu chimodzimodzi osatopa. Kuthamanga sikufika: nthawi imene makina anapulumutsa inatha ndi ntchito yobwereza.

Kale ndinkaona ngati aphunzitsi athu amangotivutitsa akamatibweza kuti tiyeze katatu kunenepa kwa waya m'labotale, ndi kulemba manambala onse a kutsogolo kwa kadontho. Tsopano ndaleka kung'ung'udza. Ndikadzapitanso kumudzi ndidzawafotokozera amalume za laser tracker, ngakhale ndidziwa kale chimene adzandifunse: kodi tepi yawoyo anaiyeza ndani? Yankho ndili nalo. Makina amenewa nawonso amawayesa nthawi ndi nthawi pa ndodo ya muyeso wodziwika, ndipo amene amagwira ntchito imeneyo ndi munthu.