Godzilla Ndi Nkhani ya Asodzi

Makolo ena kuno kwa Kuntumanji amadandaula kuti ana akaweruka ku madrasa amathamangira ku vidiyo kukaonera Godzilla, chilombo cha ku Japan chogumula nyumba zosanja. Malinga asaphonye Swala, ife tikuti makolo akaonere nawo, pakuti kanema woyamba wa chilombochi ndi nkhani ya asodzi.

Mu Malichi 1954 dziko la America linayesa bomba loopsa ku Bikini, pakati pa nyanja ya Pacific. Phulusa lake linagwera asodzi 23 a ku Japan ali m'bwato. Onse anadwala, mmodzi anamwalira, ndipo anthu anaopa kugula nsomba. Chaka chomwecho Ishiro Honda anajambula kanemayu. M'menemo mabomba otere ndiwo adzutsa chilombo pansi pa nyanja. Chisanafike ku Tokyo chiyamba chamiza zombo, asodzi n'kumabwerako chimanjamanja.

Ife amene tinaona nyanja ya Chilwa itaphwa mu 1995, matemba atasowa, mantha amenewa tikuwadziwa.

Aang'ono akamalota chilombocho usiku, auzeni kuti ndi munthu wovala chigoba cholemera, akupondaponda tinyumba tazidole.