Nkhokwe Yoyenda Nayo M'thumba

Makolo athu atachoka ku Nyasaland ndi ku Mozambique n'kudzakhala m'makomboni a m'minda ya tiyi ku Honde Valley ndi ku Chipinge, chuma chawo chinali chooneka ndi maso. Chimanga chinkakhala m'nkhokwe, ndalama ankazimanga pa kansalu, ndipo mbala inkasiya mapazi pabwalo. Lero mdzukulu wawo wothyola tiyi ku Aberfoyle kapena ku Ratelshoek amayenda ndi nkhokwe yake m'thumba. Chiyambire EcoCash mu 2011, thukuta la dengu lililonse lokwera pa sikelo likhoza kukhala m'foni. Tikamamva pa wailesi za mbava za pa intaneti, tisaganize kuti ndi nkhani ya ku Harare kapena London yokha. Akunena nkhokwe yathu yomweyi.

Mbala yoyamba siithyola chitseko, imaodira mwaulemu. Imaimba foni n'kunena kuti, "Amayi, ndine wa ku kampani ya mafoni, nambala yanu itsekedwa lero mukapanda kundiwerengera manambala amene mwalandirawo." Ina imati yatumiza ndalama molakwitsa ndiye muibwezere, ina imalonjeza ntchito ya ku Joni pa WhatsApp. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Nambala yachinsinsi, ija timati PIN, ndi kiyi wa nkhokwe, ndipo manambala obwera pa uthenga ndi kiyi wotsegula kamodzi. Wogwira ntchito weniweni wa banki kapena wa kampani ya mafoni safunsa zimenezi. Wozifunsa akufuna kuti mwini nkhokwe atsegule yekha.

Mbala yachiwiri ndi yoopsa kuposa apo chifukwa siitenga ngakhale chitsononkho. Imalowa mwakachetechete ngati nankafumbwe, kudzera m'kalata ya pa kompyuta imene wina muofesi watsegula mosaganizira. Imakhalamo masiku, n'kumafufuza pamene pali zolemba zofunika. Kenako imakhoma loko wakewake pachitseko cha nkhokwe yanu, kiyi n'kupita naye. Chimanga chilimo, mukuchiona pa mpata, koma ana agona ndi njala mpaka mutapereka dipo. Akatswiri amati ransomware. Amalawi anazilawa mu February 2024, pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba alowerera makina osindikizira mapasipoti ndipo akufuna dipo, koma boma silipereka. Kwa milungu ingapo mapasipoti sankatuluka. Amene ankafuna kukaona abale ku Mutare kapena kukayamba ntchito kunja anangokhala manja lende. Mu July 2021 zoterezi zinagweranso kampani ya Transnet ku South Africa, ndipo ntchito padoko la Durban inasokonekera kwa masiku angapo. Tiyi wathu, pokhala wa dziko lopanda nyanja, amadalira madoko a anzathu. Doko likaima, katundu amadikira, ndipo kudikirako kumatsika mpaka kwa wonyamula dengu.

Vuto lachitatu ndi moto. Aliyense wokhala m'mapiri a Chipinge akudziwa kuti m'chilimwe munthu akayatsa tchire posaka mbewa, mphepo siifunsa malire a munda. Maiko odana nawonso masiku ano amayatsirana moto pa makompyuta. Mu June 2017 pulogalamu yowononga yotchedwa NotPetya inalowa kudzera mu pulogalamu yowerengera misonkho ku Ukraine. America ndi Britain anati wayatsa ndi asilikali a Russia, Russia n'kukana. Koma motowo unalumpha malire n'kuzimitsa makompyuta a Maersk, kampani yaikulu ya sitima zonyamula katundu, imene inataya ndalama pafupifupi madola 300 miliyoni. Sinali nawo pa mkanganowo, inangokhala kumene mphepo inkalowera.

Boma la Zimbabwe linakhazikitsa lamulo loteteza anthu pa intaneti ndi zinsinsi zawo mu 2021, ndipo bungwe la POTRAZ ndilo limayang'anira chitetezo cha zinsinsizo. Malawi ali ndi lake la 2016. Komatu lamulo lili ngati bwalo la mfumu, limaweruza chimanga chitapita kale. Kulambula mphepete mwa munda moto usanafike ndi ntchito ya mwini munda.

Nambala yachinsinsi isakhale chaka chanu chobadwa, ndipo musailembe kuseri kwa foni. Mukapita kwa ejenti ku Hauna, dinani nokha manambalawo, osamutchulira. Wina akakufulumizitsani pa foni, dulani, muimbe nokha nambala yodziwika ya kampaniyo, pakuti changu ndicho chida cha mbala. Foni yanu ikangoti zii mosadziwika bwino, thamangani kukafunsa, mwina wina wakutengerani nambala. Makalaliki a m'maofesi a esiteti azisunga zolemba za malipiro pamalo awiri, ena osalumikizidwa ku intaneti, monga mayi wanzeru amabisa mbewu kutali ndi nkhokwe yodyera.

Ndipo mukaberedwa, nenani msanga kupolisi, ku kampani ya mafoni ndi kwa anzanu pa mzere wa sikelo. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Mbala imene yakuimbirani lero ili ndi nambala ya mnansi wanu, ndipo chimene ingaope kwambiri ndi komboni imene anthu ake amauzana.