Cifukwa ciani shuga ndi mcere zipulumutsa wotsegula m'mimba?

Asodzi a ku Feira, kumene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi, adziwa kuti nsomba ikathiridwa mcere imatuluka madzi ndi kuuma msanga. Madzi amatsata mcere. Lamulo lomweli ligwiranso nchito m'thupi la munthu.

Thupi linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso tochedwa maselo. Selo lililonse linakutidwa ndi kakhungu kopyapyala kokhala ndi timakomo. Madzi amadutsa kakhunguka mosavuta kupita mbali imene kuli mcere wambiri, koma mcere ndi shuga zimadzera pa timakomo tapadera.

Kacilombo ka kolera kamatulutsa ululu umene ucititsa maselo a m'matumbo kukankhira mcere kunja. Madzi amautsata, ndipo wodwala kwambiri angataye lita imodzi pa ola limodzi. Maso amalowa, mkodzo umacepa, khungu likatsinidwa limacedwa kubwerera, ndipo kwa khanda liwombo limalowa. M'cigwa cotentha ngati ca Luangwa thukuta limaonjezera vutoli.

Mwayi wake ndi wakuti pali khomo limodzi limene kolera sitseka. Mu 1960 Robert Crane anafotokoza kuti maselo a m'matumbo amalowetsa mcere ndi shuga pamodzi. Ziwirizi zikalowa, madzi amabwerera m'magazi. Mu 1971, m'misasa ya othawa nkhondo ya ku Bangladesh, dokotala Dilip Mahalanabis anamwetsa odwala kolera madzi a shuga ndi mcere. Imfa zinatsika kucoka pa anthu 30 mwa 100 alionse kufika pa osakwana 4. Madzi amenewa ndiwo ORS.

Cofunika ndi muyeso. Shuga akaculuka, monga m'zakumwa za m'mabotolo, amakokera madzi m'matumbo ndipo kutsegula kumakula. Mcere ukaculuka umavulaza mwana. Motero paketi imodzi ya ORS isungunulidwe m'lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othiridwa klorini. Paketi ikasowa, m'lita imodzi muthiridwe masupuni a tiyi 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mcere. Otsala atayidwe pakapita maola 24.

Mwana amwetsedwe pang'onopang'ono nthawi iliyonse akatsegula. Akasanza, mayi adikire mphindi 10 ndi kuyambanso. Kuyamwitsa kusalekedwe, ndipo mankhwala a zinki aperekedwe masiku 10 kufikira 14.

Mliri umene unayamba mu Okutobala 2023 unacititsa boma kusandutsa bwalo la National Heroes ku Lusaka kukhala cipatala ca kolera. Matendawa amapha m'maola ocepa. Wodwala amene atsegula madzi onga otsukira mpunga, kapena alephera kumwa, kapena walefuka, athamangitsidwe ku kiliniki yapafupi; a ku Luangwa alinso ndi cipatala ca mishoni ca Katondwe. Ngati atha kumeza, apite akumwa ORS panjira.