Nsalu za Nsungwi: Chikomekome cha Nkuyu, M'kati Muli Nyerere

M'masitolo a m'mizinda ikuluikulu komanso pa intaneti mukupezeka nsalu zoyala pabedi zomwe amalonda akuti ndi zopangidwa kuchokera ku nsungwi. Amazitamanda kuti n'zofewa, zozizirira bwino m'nyengo yotentha, ndiponso zosaononga chilengedwe. Kwa mlimi amene ali ndi nsungwi m'dimba mwake, nkhaniyi ikumveka ngati mwayi wa msika watsopano. Koma zoona zake n'zotani?

Nsungwi isanduka bwanji nsalu?

Nsungwi ndi yolimba, ndipo payokha singatulutse ulusi wofewa ngati wa thonje. Kuti ifewe, mafakitale amaiduladula, n'kuiphika mpaka itasanduka phala. Phalalo amalisakaniza ndi caustic soda, yemweyo amene magulu a amayi amapangira sopo, kenako amathiramo mankhwala oopsa otchedwa carbon disulphide. Madzi okhuthala amene amatuluka amawapopera m'timabowo ting'onoting'ono kulowa mu asidi, momwe amaundana n'kukhala ulusi. Ulusi umenewu dzina lake lenileni ndi viscose kapena rayon. Njirayi si yatsopano: inatulukiridwa ku England m'chaka cha 1892, ndipo imagwiranso ntchito ndi mitengo monga bulugama ndi paini.

N'chifukwa chake bungwe loteteza ogula la boma la America, Federal Trade Commission, linayamba kuimba milandu makampani m'chaka cha 2009 chifukwa cholemba kuti nsalu zawo ndi za nsungwi pomwe zili za rayon. Bungweli linanenanso kuti palibe umboni woti nsalu zotere zimapha tizilombo monga amalonda ankanenera. M'chaka cha 2022 masitolo a Walmart ndi Kohl's anavomera kulipira chindapusa cha madola 5.5 miliyoni onse pamodzi pa mlandu womwewu.

Amene amalipira ndi thanzi lawo

Mankhwala a carbon disulphide satsalira mu nsalu mokwanira kuvulaza wogona, koma amavulaza ogwira ntchito m'fakitale. Kuwapuma kwa nthawi yaitali kumaononga mitsempha, kumasokoneza bongo komanso kumayambitsa matenda a mtima. M'chaka cha 2017 bungwe la Changing Markets Foundation linatulutsa lipoti loonetsa momwe mafakitale ena a viscose ku China, India ndi Indonesia ankaipitsira mitsinje ndi mpweya wa midzi yowazungulira. Pali njira ina yabwinoko yotchedwa lyocell, imene pafupifupi mankhwala onse amabwezedwa n'kugwiritsidwanso ntchito, koma nsalu zake n'zokwera mtengo.

Mavuto a pakhomo

Vuto lalikulu kwa mabanja a m'chigawo chino lili pa kachapidwe. Thonje likanyowa limalimbirako, pomwe viscose ikanyowa imafooka kwambiri. Nsalu yotere siyenera kumenyedwa pamwala kumtsinje, kutikitidwa mwamphamvu, kapena kufinyidwa mopotokola. Ikachapidwa motero imatamuka, imachita timibulu, ndipo sichedwa kung'ambika. Imathanso kufupika ikachapidwa koyamba, imachita makwinya msanga, ndipo imachedwa kuuma m'nyengo ya dzinja chifukwa imamwa madzi ambiri.

Opanga nsaluzi amalangiza kuchapa ndi madzi ozizira, kupewa mankhwala oyeretsera, ndi kusita ndi simbi yosatentha kwambiri. Apa m'pamene pagona nkhani kwa alangizi a zaumoyo. Nsikidzi ndi nsabwe zimafa ndi madzi otentha, ndipo zovala zoyanikidwa panja amazisita ndi simbi yotentha kuti mazira a ntchentche zoyambitsa mphutsi afe. Choncho nsalu yosapirira kutentha si yoyenera m'zipatala, m'sukulu zogonera konko, kapena m'nyumba zosamalira odwala, momwe zofunda zimachapidwa kawirikawiri.

Nanga mlimi apindulapo chiyani?

Ulusi wambiri wa viscose wa nsungwi umapangidwa ku China, kuchokera ku nsungwi zolimidwa komweko. Fakitale yotere imafuna ndalama zochuluka, madzi ambiri ndi magetsi osazimazima. Mlimi asamangokhulupirira munthu wobwera ndi mbande n'kulonjeza msika wa nsalu kunja. Ayambe wafunsa: wogula ndani, mtengo wake ndi wotani, ndipo mgwirizano wolembedwa uli kuti? Kupereka munda wa chimanga chifukwa cha lonjezo lapakamwa n'kuika banja pa chiswe.

Izi sizikutanthauza kuti nsungwi ndi yopanda phindu. Imakula msanga, imaphukanso ikadulidwa, ndipo mizu yake imagwira nthaka m'mphepete mwa mitsinje ndi m'zigwembe. Imapereka malichero, madengu, nkhokwe, mipando, milimo ya nyumba, nkhuni ndi makala, motero imapepuza nkhalango zachilengedwe. Msika wa zinthu zimenezi uli pafupi, ndipo ndalama yake imatsala m'mudzi.

Kwa wogula, langizo n'lakuti awerenge kachikwangwani kosokedwa m'mphepete mwa nsalu, kaya ndi m'sitolo kaya pa kaunjika. Akaona mawu akuti viscose kapena rayon, adziwe kuti nsaluyo ifuna chisamaliro chapadera. Pakhomo pamene amachapira pamwala ndi kusitira simbi yamakala, nsalu ya thonje, mbewu yomwe alimi a ku Chikwawa, Chipata ndi Tete amaidziwa bwino, ndiyo imakhalitsa.